Kuzoloweretsa injini ya turbo ndi kamwedwe kake ka oyilo

Anthu ambiri amene agula galimoto yatsopano yaliwiro, ya injini ya turbo, amadzidzimuka akaona kuti oyilo watsika mwezi usanathe. Makampani opanga galimotozi amafotokoza m'mabuku awo a malangizo kuti zimenezi zimachitika, makamaka pa makilomita oyambirira. Chimene chimapha injini kawirikawiri si kutsika kwa oyiloko, koma kuyendetsa galimoto osamuyeza.

Turbo ndi chipangizo chimene chimazunguliridwa ndi mphamvu ya utsi wotuluka mu injini, ndipo pozungulirapo chimakankhira mpweya wochuluka m'masilinda. Mpweya ukachuluka, petulo wambiri amapsa, kotero injini yaing'ono imatulutsa mphamvu ngati yaikulu. Alfred Büchi wa ku Switzerland ndiye analembetsa luso limeneli m'chaka cha 1905. Porsche 911 Turbo inayamba kugulitsidwa mu 1975, pamene Subaru Impreza WRX inatuluka ku Japan mu 1992.

Chitsulo chapakati pa turbo chimazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi pamalo otentha koopsa. Oyilo yemwe amafewetsa injini ndi yemwenso amafewetsa ndi kuziziritsa chitsulochi. N'chifukwa chake oyilo akachepa, turbo ndiyo imakhala m'gulu la zinthu zoyamba kuwonongeka.

Injini yatsopano imamwa oyilo pa chifukwa chodziwika. Pisitoni iliyonse ili ndi maringi amene amatseka mpata wa pakati pa pisitoniyo ndi khoma la silinda. Pochoka ku fakitale, khomali limakhala ndi timizere tosaoneka bwino ndi maso tosungira oyilo, ndipo maringi amayenera kukhulana nalo kwa kanthawi kuti agwirane bwino. Asanagwirane, oyilo wina amadutsa n'kukapsa limodzi ndi petulo. Mu injini ya turbo kutentha ndi mphamvu yokankha pisitoni zimakhala zazikulu, choncho vutoli limaonekera msanga. Nthawi imeneyi ndiyo ya kuzoloweretsa injini.

Kampani iliyonse ili ndi malangizo ake. Subaru imati pa makilomita 1,600 oyambirira injini isapitirire maulendo 4,000 pa mphindi pokhapokha pangozi, ndipo woyendetsa asakhalitse pa liwiro limodzi kapena kudzambatuka mwamphamvu ponyamuka. Volkswagen imaika makilomita 1,500. Galimoto za BMW za mtundu wa M zimabwerera ku galaja zikakwanitsa makilomita 2,000 kuti akasinthe oyilo woyamba.

Kusinthasintha liwiro kumathandiza chifukwa mphamvu ya kupsa kwa petulo ndiyo imakanikizira maringi ku khoma la silinda. Injini yongolira galimoto ili chiimire kwa nthawi yaitali siikanikiza maringi mokwanira, pamene yothamangitsidwa mopitirira muyezo imawatenthetsa asanakhazikike. Kukwera chitunda pa giya yaikulu injini ikulira motsika n'kolakwikanso, pakuti kumalemetsa mapisitoni.

Funso limene eni galimoto amafunsa kwambiri ndi la mlingo woyenera. Malangizo a Subaru amati injini yomwe yamaliza kuzolowera ikamamwa oyilo woposa lita imodzi pa makilomita 2,000, mwini wake apite nayo kwa ogulitsa. Mabuku a Volkswagen amatchula theka la lita pa makilomita 1,000, ndipo amati kamwedwe kangakhale kokwererapo pa makilomita 5,000 oyambirira. Injini zambiri zosamalidwa bwino sizifika pamenepo.

Mlingowu ungaoneke wochepa, koma injini zambiri za masilinda anayi zimasunga malita anayi kapena asanu okha. Galimoto yomwa lita pa makilomita 2,000 ikayenda makilomita 8,000 popanda kuwonjezera, yamwa malita anayi. Nyali yofiira ya oyilo siyenera kudaliridwa, chifukwa imayaka pamene oyilo waleka kuyenda ndi mphamvu yokwanira, ndipo nthawi imeneyo zitsulo zimakhala zayamba kale kudyana.

Poyeza, galimoto iime pamalo osapendekeka, injini izimitsidwe, ndipo papite mphindi zisanu kuti oyilo atsikire pansi. Kachitsulo koyezera kapukutidwe kaye, kenako kalowetsedwenso n'kuwerengedwa. Pa galimoto zambiri, kuchoka pa chizindikiro chapansi kufika chapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi. Galimoto zina zamakono zilibe kachitsuloka, ndipo mlingo umaoneka pa dashibodi. Ndi bwino kuyeza nthawi iliyonse yothira petulo ndi kulemba makilomita pamodzi ndi oyilo wowonjezeredwa, chifukwa makaniko amayambira pa manambala amenewa. Kudzaza mopitirira chizindikiro chapamwamba kumawononganso injini.

Kamwedwe kabwino kamatsika makilomita akamachuluka. Ngati kakukwera, kapena ku ekizozi kukutuluka utsi wa buluu, ndiye kuti maringi, zotsekera mavavu kapena turbo yeniyeniyo ili ndi vuto. Madontho pansi pa galimoto amasonyeza kuti oyilo akutayika, osati kupsa.

Turbo imafunanso chisamaliro moyo wake wonse. Injini isathamangitsidwe isanatenthe, ndipo pambuyo pa ulendo waliwiro ilire pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri isanazimitsidwe. Ikazimitsidwa mwadzidzidzi, oyilo wotsalira mu turbo yotentha akhoza kupserera n'kutseka njira zake.

Galimoto zambiri zolowa m'dziko muno n'zoyendapo kale, makamaka zochokera ku Japan, ndipo nthawi yozolowera zinaidutsa kalekale. Komabe injini imene makaniko waiphwasula n'kuikamo maringi atsopano imafuna kuzoloweretsedwa monga yatsopano, ndipo oyilo ndi sefa yake zisinthidwe msanga pofuna kuchotsa tizitsulo tonyenyeka. Oyilo wothira akhale wa mtundu umene buku la galimotoyo latchula.