Chigamba ndi tayala lobooka m'mbali

Pafupifupi pa malo onse okwerera basi m'dziko muno simulephera kupeza bambo wina atakhala pansi pa mtengo, pambali pake pali beseni la madzi akuda, pampu, zitsulo zochotsera tayala pa limu ndi mulu wa machubu akale. Mukamupititsira tayala lakuphwa, kawirikawiri sakubwezani. Msomali ukalowa pakati, pomwe tayala limapondera pansi, amamata ndipo mumapitiriza ulendo. Nanga chitsulo kapena mwala ukang'amba m'mbali, paja pamalembedwa dzina ndi manambala? Ena amamatanso. Ena amaika chubu m'kati. Ena, omwe ndi ochepa, amapukusa mutu n'kukuuzani kuti mukagule lina.

Ine ndili kumbali ya opukusa mutuwa, ndipo chifukwa changa ndachipeza m'mbiri. Ndikuona kuti luso lomata ndi tayala lomwe tikumata masiku ano zinabadwa m'nthawi zosiyana. Lusolo ndi la nthawi ya chubu, pamene tayalalo ndi la pambuyo pa 1946. Tikamvetsa zomwe zinasintha pakati pa ziwirizi, funso loti timate kapena tisinthe silivutanso.

Tiyambire pa mphira weniweniyo. Mphira wosakonza amanyeta kukatentha ndipo amauma gwa kukazizira. Mu 1844 Charles Goodyear wa ku America analembetsa njira yowotcha mphira pamodzi ndi sulufule kuti alimbe koma akhalebe wotamuka. Chaka chotsatira, Robert William Thomson wa ku Scotland analembetsa tayala lopopa mpweya, koma anthu sanalitengere chifukwa nthawiyo m'misewu munali ngolo zokokedwa ndi akavalo. Linadzatchuka mu 1888 kudzera mwa John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, amene ankafuna kuti kanjinga ka mwana wake kaleke kugwedeza pa misewu ya miyala. Njinga zitachuluka, kenaka magalimoto, dziko linayamba kulimbirana mphira. Ku Congo ya mfumu Leopold II, pakati pa 1885 ndi 1908, anthu ankaphedwa kapena kudulidwa manja midzi yawo ikalephera kukwanitsa mulingo wa mphira wam'nkhalango. Kwathu kuno chizindikiro cha nyengo imeneyo ndi minda ya mphira ya Vizara ku Nkhata Bay, ya mitengo yomwe kwawo kwenikweni ndi ku Brazil.

Vuto la tayala la Dunlop linali loti analimatirira ku limu, kotero likabooka munthu ankataya maola ambiri. Mu 1891 abale awiri a ku Clermont-Ferrand ku France, André ndi Édouard Michelin, anapanga tayala lochotseka, ndipo chaka chomwecho Charles Terront anapambana nalo mpikisano wa njinga wochoka ku Paris kukafika ku Brest n'kubwerera. Apa ndi pamene ntchito ya bambo wa pansi pa mtengo uja inabadwira: chotsa tayala, tulutsa chubu, peza bowo m'madzi, khula, paka guluu, mata chigamba, bwezera.

Chofunika kuchigwira bwino ndi chakuti m'matayala a nthawi imeneyo ntchito inali yogawana. Chubu chinkasunga mpweya, ndipo tayala linali ngati chikwama choteteza chubucho. Chikwamachi chinkapangidwa ndi nsalu za ulusi zingapo zosanjikiza, poyamba za thonje, pambuyo pake za nayiloni ndi ulusi wina wopangidwa m'fakitale. Ulusi wa nsalu imodzi unkayenda mopendekera, wa nsalu inzake n'kupendekera kwina, kotero zinkapingasana ngati nsungwi za lichero. Nsalu zonsezi zinkazungulira kuchokera ku limu mbali ino mpaka mbali inayo, ndiye m'mbali munali mochindikala ndi molimba pafupifupi ngati pakati. Likang'ambika m'mbali, wokonza ankaika chidutswa cha tayala lina m'kati kuti chubu chisatuluke, ndipo galimoto linkayendabe, makamaka poti liwiro la nthawiyo linali lochepa. Matayala a njinga zakapalasa za kabaza akadali a mtundu umenewu, n'chifukwa chake chigamba chimagwirabe ntchito bwino kumeneko.

Koma ulusi wopingasanawu unali ndi vuto lake. Tayala likamazungulira, nsaluzo zinkakhulana, n'kumatentha, ndipo tayala linkatha msanga. Injiniya wa kampani ya Michelin, Marius Mignol, anafufuza za kutenthaku, ndipo mu June 1946 kampaniyo inalembetsa tayala la mtundu watsopano lotchedwa radial, lomwe linayamba kugulitsidwa mu 1949 pa dzina loti Michelin X. M'tayala limeneli ulusi supingasana. Umayenda molunjika kuchoka ku limu, kukwera m'mbali, kudutsa pakati n'kutsikira mbali inayo, ulusi uliwonse pambali pa unzake ngati nthiti. Pakati pokha, pomwe pamaponda msewu, anaikapo malamba a waya wachitsulo. Zotsatira zake, popondera panakhala polimba ndi posagwedera, pamene m'mbali munakhala mopyapyala ndi mofewa mwadala, kuti muzipindika m'malo mwa tayala lonse. Nthawi yomweyonso, mu 1947, kampani ya B.F. Goodrich ya ku America inalengeza tayala lopanda chubu, lomwe m'kati mwake muli kansalu ka mphira kosunga mpweya. Pofika m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, radial anali atalanda msika wa magalimoto ang'onoang'ono ku Ulaya, ku Japan ndi ku America. Mukayang'ana m'mbali mwa tayala la Sienta kapena Vitz n'kuona zolemba ngati 185/65 R15, R ameneyo akuimira radial.

Tayala latsopanoli limakhalitsa, limagwira msewu bwino ndipo limapulumutsa mafuta. Koma paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ubwino wonsewu unabwera chifukwa chosandutsa mbali ya tayala kukhala chiwalo chogwira ntchito nthawi zonse. M'tayala la galimoto laling'ono, m'mbali mumakhala nsalu imodzi kapena ziwiri zokha, popanda lamba wachitsulo. Ulusi wochepawu ndi umene umagwira mphamvu ya mpweya, ndipo umapindika n'kuwongoka nthawi iliyonse tayala likazungulira.

Tiwerengere limodzi. Tayala la galimoto laling'ono likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2, ndiye kuti pa kilomita imodzi limazungulira pafupifupi ka 500. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, malo amodzimodzi a m'mbali amapindika koposa ka 10 pa sekondi iliyonse. Ulendo wa Lilongwe kupita ku Blantyre, womwe ndi wa makilomita oposa 300, ndi kupindika koposa ka 150,000. Chigamba chomatidwa pakati chimakhala pamalo osasunthasuntha, ndipo malamba achitsulo amanyamula katundu mozungulira bowolo. Chigamba chomatidwa m'mbali chimafinyidwa, kukokedwa ndi kutenthedwa kambirimbiri chotere mpaka guluu atalekerera. Ndipo ngakhale chitapanda kumatuka, chigamba chimangotseka mpweya, sichilumikiza ulusi woduka. Poti ulusi wa radial supingasana, palibe nsalu ina yothandizira pamalo pomwe waduka. Katundu amasamukira ku ulusi woyandikana nawo, nawonso umayamba kuduka, chotupa chimatuluka, ndipo tsiku lina tayala limaphulika lonse nthawi imodzi. Bowo la msomali pakati limaphwetsa tayala pang'onopang'ono, dalaivala n'kukhala ndi mpata woima. Kuphulika kwa m'mbali sikupereka mpata umenewo.

N'chifukwa chake mayiko omwe analemba malamulo a kakonzedwe ka matayala anagwirizana pa mfundo imodzi. Ku Britain, muyezo wotchedwa BS AU 159 umalola kumata kwa masiku onse pa magawo atatu mwa anayi a pakati pa popondera. Ku America, bungwe la makampani opanga matayala limati bowo lisapose mamilimita 6, likhale popondera, ndipo tayala lichotsedwe pa limu kuti liwonedwe m'kati asanalimate. Zoona, matayala akuluakulu a mathirakitala ndi magalimoto a m'migodi amakonzedwa m'mbali, koma zimachitika m'mafakitale okhala ndi makina owotchera ndi zigamba zokhala ndi ulusi wakewake, ndipo matayalawo ndi ochindikala kwambiri komanso sathamanga ngati minibasi pa M1. Kuika chubu m'kati mwa radial wong'ambika nako ndi nzeru ya nthawi ya nsalu zopingasana. Chubu chimasunga mpweya, inde, koma mpweya womwewo ndi umene ukukankha malo ovulalawo.

Ndikudziwa zomwe anzanga ena anene, ndipo sindikuzipeputsa. Anena kuti malamulo amenewa analembedwa ndi anthu okhuta, komanso ndi makampani omwe amapindula tikagula tayala latsopano. Anena kuti mwini minibasi amene akulimbana ndi mtengo wa mafuta ndi kusowa kwa ndalama zakunja sangataye tayala lomwe mano ake akadali atsopano chifukwa cha kabowo kamodzi. Anenanso kuti amadziwa tayala lomatidwa m'mbali lomwe linayenda chaka chathunthu. Zonsezi n'zomveka. Koma ulusi wa m'tayala sudziwa kuti mwini wake ndi wolemera kapena wosauka, ndipo misewu yathu ya maenje, kutentha kwa Okutobala ndi chizolowezi chopakira mopyola muyezo zimachititsa kuti m'mbali mwa tayala la kuno muzigwira ntchito yowawa kuposa la ku London. Ngati pali dziko lofunika kuliopa kwambiri tayala lovulala m'mbali, ndi lathu lino. Tayala lomwe linapirira chaka silitiuza kanthu za lomwe linaphulika, chifukwa eni ake a lomalizali nthawi zina sakhalapo kuti afotokoze. Komanso amene amasankha kumata ndi mmodzi, pamene okwera minibasiyo, amene sanafunsidwe maganizo, ndi ambiri.

Sindikunyoza okonza matayala a m'mphepete mwa msewu. Luso lawo lili ndi zaka zoposa 130 ndipo likuyendetsa dziko lino tsiku ndi tsiku. Ambiri analiphunzira kwa abambo awo kapena kwa mabwana awo pa njinga ndi pa malole akale a machubu, ndipo palibe amene anabwera kudzawauza kuti chinthu chomwe chili m'manja mwawo chinasintha m'kati ngakhale kunja chikuoneka chimodzimodzi. Tekinoloje inafika, koma chidziwitso chake chinatsalira. Tikanakhala ndi maphunziro afupiafupi a okonza matayala m'masukulu a ntchito zamanja, ndi apolisi apamsewu oyang'ana m'mbali mwa tayala monga momwe amayang'anira mapepala, tikanakonza zambiri ndi ndalama zochepa.

Ambiri mwa ife tikamaliza sukulu timalota kagalimoto koyamba, ndipo mwina matayala ake adzakhala a kaunjika. Choncho nazi zochepa zoti mudzakumbukire. Kupalika kwa pamwamba komwe sikunafike pa ulusi sikoopsa kwenikweni, koma mukaona ulusi, chotupa kapena mpweya ukutuluka m'mbali, tayalalo latha, ikani la sipeya. Mukayenda mtunda ndi tayala lakuphwa, m'mbali mumaphwanyika m'kati ngakhale bowo litakhala pakati, ndiye uzani wokonza alichotse pa limu aone. Pogula la kaunjika, pisani dzanja m'kati mufufuze zigamba za m'mbali, ndipo werengani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lomwe mwalipumitsa musalibwezere kwa ogulitsa, chifukwa lidzabwerera pamsewu pa galimoto la munthu wina. Lipatseni osoka nsapato za mphira, kapena mudzalemo maluwa pakhomo.