Ciyambi ca Makomboni a mu Lusaka

Munthu wofuna kudziwa cimene cinabala makomboni a mu Lusaka ayenera kuyang'ana kumidzi poyamba, pakuti kusiyana kwa cuma ca Azungu ndi ca anthu akuda kunayambira pa nthaka.

M'zaka za 1928 ndi 1929 Boma la Northern Rhodesia linapatula malo okhalamo eni dziko. Minda ya m'mbali mwa njanji inasungidwira alimi Acizungu, ndipo ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, Angoni ndi Acewa anapanikizidwa pa nthaka yocepa imene inaguga msanga. Ngakhale cimanga cinali ndi tsankho. Lamulo la 1935 linapatsa alimi Acizungu magawo atatu mwa anai a msika wa m'dziko, anthu akuda onse nagawana gawo limodzi lotsalalo. Msonkho wokha ndiwo sunaphonye mudzi uli wonse.

Cifukwa cace amuna ambiri anasiya makasu napita kukafuna nchito ku Lusaka, umene unakhala mzinda waukuru wa Boma m'caka ca 1935. Koma omanga mzindawo anayesa munthu wakuda mlendo wodzabwerera kwao. Nyumba za Boma, monga za ku Matero zimene zinamangidwa citapita caka ca 1948, zinali za olembedwa nchito okha. Nchito ikatha, nyumba yomwe yatha.

Otsalawo anapempha malo pa mafamu a Azungu ozungulira mzinda, namanga tinyumba ta zidina, nalipira mwini malo mwezi ndi mwezi. Motero ndarama zocepa za wosauka zinalowanso m'thumba la wolemera. Maina ena acitira umboni: George, John Howard ndi Marrapodi ndi maina a Azungu, ndipo Chawama ankachedwa Roberts.

Ufulu wa 1964 unacotsa citupa, anthu nacuruka koposa. Mtendere unatsegulidwa m'caka ca 1967 kuti ulandire anthu ocokera ku Kalingalinga, koma ambiri anakana kusamuka. Potsiriza, lamulo la 1974 linabvomereza makomboni, ndipo ku George ndi ku Chawama kunafika miseu ndi mipopi ya madzi.

Lamulo la tsankho la khungu linafa m'kanthawi. Koma banja limene linamanidwa munda wabwino ndi msika kwa zaka makumi atatu linalowa mu ufulu manja lende, ndipo ana ace anayamba ulendo anzao atafika kale patali.