Kachingwe kamene kanaphunzitsa kiyibodi kulankhula ndi kompyuta

Kumbuyo kwa kiyibodi zambiri zimene zimalira m'matchalitchi a ku Msongwe, m'mbali mwa msewu wochoka mu Mzuzu kutsikira ku Nkhata Bay, kuli timabowo timene oyimba ambiri sanatigwiritsepo ntchito. Tina n'tozungulira, ta timaso tisanu, tolembedwa kuti MIDI IN ndi MIDI OUT. Pa kiyibodi zatsopano pali ka USB TO HOST. Woyimba amalowetsa chingwe cha magetsi ndi cha sipika, basi, tinato fumbi lokhalokha. Chonsecho mbiri ya timabowo timeneti yapitirira zaka 40.

Masinthesaiza akale analibe posungira kanthu. Minimoog ya mu 1970 inali ya mabatani opotokola: ukapeza kamvekedwe kokoma, unkalemba papepala pomwe batani lililonse laima, apo ayi mawa sukapezanso. Prophet-5 ya mu 1978 inayamba kusunga mawu 40. Juno-60 ya mu 1982 inkatha kusamutsira mawu ake pa kaseti wamba, yemwe ukamuika mu wailesi unkangomva kulira kwa tswiii. Vuto lalikulu linali lakuti makina a kampani ina sankamvana ndi a kampani inzake.

Mu 1981 Dave Smith wa kampani ya Sequential Circuits ku America anapereka ganizo loti pakhale chilankhulo chimodzi cha zida zonse, ndipo anagwirizana ndi Ikutaro Kakehashi, yemwe anayambitsa Roland ku Japan. Mu Januwale 1983, pa chionetsero cha NAMM ku California, analumikiza Prophet-600 ndi Jupiter-6. Atadina ina, inzake inalira. Luso limeneli, la MIDI, sanaligulitse, analisiya kuti kampani iliyonse iligwiritse ntchito mwaulere. Ine ndimaona kuti chimenechi ndicho chinapulumutsa oyimba osauka ngati athu kuno, chifukwa kiyibodi iliyonse ya MIDI imene wapeza imamvana ndi kompyuta iliyonse. Smith ndi Kakehashi analandira mphoto ya Grammy mu 2013.

Anthu ambiri amaganiza kuti m'chingwe cha MIDI mumadutsa nyimbo. Ayi. Mumadutsa malangizo okha: wadina kiyi iti, mwamphamvu bwanji pa muyeso wofika 127, waisiya liti, pa njira iti mwa njira 16. Koma anasiyanso khomo lina lotchedwa SysEx, loti kampani iliyonse izitumizirapo zinsinsi za makina ake. Pakhomo limeneli ndi pamene pamadutsa manambala amene amapanga kamvekedwe ka chida.

Imene inachititsa khomoli kukhala lofunika ndi Yamaha DX7, ya mu 1983, yopangidwa potsatira luso la John Chowning wa ku yunivesite ya Stanford. Inkasunga mawu 32 okha, ndipo kuti usinthe amodzi unkayenera kufufuza manambala oposa 100 pa kasikirini ka mizere iwiri. Oyimba ambiri anangogwa ulesi n'kumagwiritsa ntchito mawu a kufakitale. N'chifukwa chake piyano yake yolira ngati belu ili mbwee m'nyimbo za zaka za m'ma 1980. Mpumulo unabwera ndi kompyuta. Mapulogalamu a pa Macintosh komanso pa Atari ST, imene inatuluka mu 1985 ili kale ndi mabowo a MIDI, ankaonetsa manambala onsewo pa sikirini imodzi. Munthu ankatha kukonza mawu, kuwasunga pa disiki, n'kupatsako mnzake. Mawu onse 32 a DX7 amangodya makilobayiti 4, osafika n'komwe pa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp. Cubase, imene masitudiyo athu amaidziwa bwino, inabadwira pa Atari yomweyo mu 1989.

Kuno kwathu kamvekedweka kanafika m'makutu zida zake zisanafike m'manja. Makaseti a Brenda Fassie, Chicco ndi Yvonne Chaka Chaka, amene ankabwera m'zikwama za anthu ochokera ku Joni, anali odzaza ndi sinthesaiza ndi ng'oma za makina. Kwa zaka zambiri woyimba wa ku Malawi ankadalira situdiyo ya MBC kuti ajambule. Zinthu zinatembenukira ku Balaka, kwawo kwa Alleluya Band imene inayamba mu 1978, komwe Paul Banda ankajambula oyimba mu situdiyo ya Imbirani Yahwe. Rege ya ku Balaka imene inagwedeza dziko m'zaka za m'ma 1990 inatsamira kwambiri pa kiyibodi, ndipo mu Mzuzu muno nyimbo zauzimu za Katawa Singers zinazoloweretsa anthu kumva kwaya ikuyimba ndi zida zamagetsi. Kenaka kompyuta zitatsika mtengo, FruityLoops ndi Cubase zinalowa m'zipinda zogona za anyamata, bulangete litakhomedwa kukhoma kuti mawu asabwerere.

Koma chida chimene chinalowadi m'tchalitchi ndi Yamaha PSR ndi zinzake za mtundu umenewo, zoti dzanja lamanzere likagwira kodi, ng'oma, bezi ndi gitala zonse zimayamba zokha. Mpingo wosakwanitsa kugula zida za bandi yonse unapeza bandi m'bokosi limodzi. Mabiti ake, amene oyimba amati masitayilo, poyamba ankayenda pa disiketi, kenaka pa fulashi, lero amatumizirana pa foni.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Tamverani masitayilo amene amalira Lamulungu: sebene ya ku Congo, mabiti a ku South Africa, zina za ku Nigeria, ndi zimene anaikiratu ku Japan. Kwaya ikuyimba Chitumbuka kapena Chitonga, koma ng'oma yake ndi yobwereka, mpaka nyimbo imachita kupindidwa kuti ikwane mu biti ya eni ake. Chonsecho kumusi kwa Msongwe, kutsikira kunyanja, ndi kwawo kwa malipenga ndi honala, ndipo kumtunda kuli ingoma ya ku Mzimba. Ma PSR akuluakulu ali ndi gawo lopangira sitayilo yakoyako, ndipo ntchitoyo imapepuka ukaichitira pa kompyuta. Itanani woyimba ng'oma weniweni, aombe kayendedwe kake ndi zala pa makiyi, kompyuta ijambule. Musaiuze kuti iwongole nthawi, chifukwa kukoma kwa ng'oma zathu kuli m'kakuchedwa ndi kakufulumira kamene makina amayesa kulakwitsa. Opanga nyimbo ena analowetsa kale manganje m'nyimbo zawo, ndipo anthu anavina.

Polumikiza kiyibodi ndi kompyuta, zokhumudwitsa zilipo. Chingwe cholembedwa OUT chimalowa pa IN ya kiyibodi, ndipo cha IN chimalowa pa OUT. Ambiri amagwa pomwepa n'kumati chingwe n'chakufa. Zingwe zotchipa za USB zimatumiza bwino manotsi koma zimataya SysEx panjira. Pa DX7 ndi zinzake uyenera kuyamba watsegula loko wa memory, apo ayi mawu atsopano salowa. Ndipo magetsi akathima uli pakati potumiza, yambiranso.

MIDI 2.0 inatuluka mu 2020, koma inapangidwa kuti izimvanabe ndi zida zakale, kotero kiyibodi yogwiritsidwa kale ntchito imene mlamu wanu anakutumizirani kuchokera ku Johannesburg ikhoza kulankhula ndi laputopu ya chaka chino. Chofunika kuchidziwa n'chakuti masinthesaiza ambiri akale, monga DX7 ndi Korg M1 ya mu 1988, amasunga mawu awo ndi kabatire kakang'ono kobisika mkati. Kakatha mphamvu, kapena mmisiri akakachotsa posintha, mawu onse amafufutika. Musanaipereke kokakonza, yambani mwatumiza mawuwo ku kompyuta, n'kusunga faeloyo malo awiri.