Nyimbo za Aabkhaz: kuchokera pa mphasa ya wovulala kukafika pa siteji

Kale ku Abkhazia, mwamuna akalasidwa kunkhondo kapena akavulala kosaka nyama, abale ndi anansi ankabwera kudzamuchezera usiku wonse, uku akuimba. Mwambo wa kumeneko, umene eni ake amautcha Apsuara, sunkalola kuti mwamuna abuule anthu akumva. Ndiye pamene sing'anga ankachotsa chipolopolo, gulu linkakweza nyimbo, wovulalayo n'kumalimba mtima. Nyimbo ya wovulala imeneyi ikuimbidwabe mpaka lero, kungoti tsopano omvera amakhala pa mipando ya m'holo, ndipo ikatha amaomba m'manja.

Abkhazia ndi kadziko kopanikizika pakati pa nyanja ya Black Sea ndi mapiri a Caucasus, ndipo likulu lake ndi Sukhumi. Chilankhulo cha anthu ake sichili pa ubale ndi cha ku Georgia kapena cha ku Russia. Abale ake ndi zilankhulo za Abaza ndi Circassian za kuseri kwa mapiriwo. Chikhristu chinakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 500, Chisilamu chinabwera m'nthawi ya ufumu wa Ottoman, koma nyimbo zambiri zakale zimatchulabe milungu ya makolo imene inalipo zipembedzo ziwirizi zisanafike.

Kaimbidwe kake n'kosavuta kukazindikira. Munthu mmodzi amayambitsa ndi mawu okwera, gulu n'kumulandira ndi mawu a pansi, okoka, osasunthasuntha, ndipo nthawi zina wachiwiri amalowa pakati pawo kuti mawu akhale atatu. Makwaya a makolo ankakhala a amuna kawirikawiri. Mawu enieni a nyimbo ndi ochepa, pena kulibiretu: mbali yaikulu ndi timawu topanda tanthauzo timene timangonyamula maimbidwe. Mlendo akhoza kuganiza kuti nyimboyo ilibe nkhani. Mwini mudzi ankangomva chiyambi chake n'kudziwa ngati kwagwa zovuta kapena kukubwera mkwatibwi.

Nyimbo iliyonse inali ndi ntchito yake, ndipo apa m'pamene pagona chuma cha anthuwa. Mphezi ikapha munthu kapena chiweto, anthu sankayenera kulira. Ankazungulira pamalopo akuimba ndi kuvina polemekeza Afy, mulungu wa bingu. Kukachita chilala, atsikana ankaveka chidole zovala n'kupita nacho kumtsinje akuimba nyimbo yotchedwa Dziwow, yopempha mvula. Alenje anali ndi nyimbo zawo zopempha nyama kwa Azhveipshaa, mwini nkhalango. Nthomba ikalowa m'nyumba, ankaiimbira moinyengerera kuti ichoke bwino. Panalinso Azar, yokumbukira mnyamata womwalira, imene inkaimbidwa pa mjaha wa mahatchi, komanso nyimbo zolimira chimanga ndi zogonekera mwana.

Zoimbira zinalipo, koma zinkatsatira pakamwa. Chotchuka kwambiri ndi apkhyartsa, chofanana ndi kaligo wa kwathu kuno, kungoti chili ndi nsambo ziwiri za ubweya wa kumchira kwa hatchi. Ndi chimenechi ankaimbira nthano za a Nart, ngwazi zamakedzana monga Sasrykva ndi mayi ake Satanei-Guasha, ndiponso nyimbo zonyoza zimene woimba wosaona Zhana Achba anatchuka nazo. Abusa anali ndi chitoliro chotchedwa acharpyn, chopangidwa ndi phesi la chomera cha m'mapiri. Panalinso ayumaa, zeze wopindika wa nsambo zambiri. Koma gule wa makolo sankadikira zonsezi: anthu ankaima mozungulira, kuimba ndi kuomba m'manja, amuna n'kumavina choimirira pa nsonga za zala za kumapazi, akazi akuyenda mofatsa, thupi lili chilili. Akodiyoni ndi ng'oma zinatenga malo pambuyo pake.

Tsoka loyamba linabwera ndi ufumu wa Russia. Nkhondo ya ku Caucasus itatha mu 1864, kenako kuukira kwa pa mudzi wa Lykhny mu 1866, ndi nkhondo ya Russia ndi Turkey ya 1877 mpaka 1878, Aabkhaz zikwizikwi anakakamizika kuoloka nyanja kupita ku ufumu wa Ottoman. Zigwa zathunthu zinatsala mabwinja. Nyimbo za chisoni cha ulendo umenewo zinalowa m'gulu la nyimbo za makolo, ndipo zidzukulu za othawawo ku Turkey zimavinabe magule a kwawo pa maukwati.

Kulemba nyimbozi pa pepala kunachedwa. Mu 1929 katswiri wa nyimbo Konstantin Kovach anatulutsa buku la nyimbo 101 za Aabkhaz zimene anatolera m'midzi, ndipo chaka chotsatira anatulutsanso lina la nyimbo za anthu a ku chigwa cha Kodori. Boma la Soviet linakhazikitsa magulu oimba ndi ovina olipidwa ndi boma. Boma lomwelo, m'nthawi ya atsogoleri ake Stalin ndi Beria, linapha atsogoleri ndi ophunzira ambiri a Chiabkhaz, linasintha zilembo za chilankhulocho mu 1938, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1940 linatseka sukulu zophunzitsa m'chilankhulocho. Dzanja lina linkapereka siteji, lina likutseka pakamwa ana a sukulu.

Kunena zoona, siteji inapulumutsa nyimbozi koma inazisinthanso. Nyimbo ya mphezi yoimbidwa ndi anthu ovala yunifolomu, mphezi isanagwe, ndi yokoma koma yachotsedwa mano. Gulu limene linayandikira kwambiri kaimbidwe ka kumudzi ndi Nartaa, kwaya ya nkhalamba imene Ivan Kortua anayambitsa m'zaka za m'ma 1940. Oimba ake ena ankati apitirira zaka 100. Akatswiri ena anakayikira zaka zimenezi chifukwa zikalata za kubadwa kunalibe, koma maimbidwe awo palibe anawatsutsa: m'zaka za m'ma 1970 anakapata mphoto ku Hungary.

Pa nkhondo ya pakati pa Abkhazia ndi Georgia ya 1992 mpaka 1993, asilikali a Georgia ali mu Sukhumi, nyumba yosungiramo zikalata zakale za dzikolo ndi likulu la kafukufuku wa chilankhulo ndi mbiri zinatenthedwa mu Okutobala 1992, ndipo zambiri zimene akatswiri anatolera kwa zaka makumimakumi zinapsa. Nkhondo yomweyo inathamangitsa anthu ochuluka a mtundu wa ku Georgia amene ankakhala m'derali. Russia inavomereza Abkhazia ngati dziko loima palokha mu 2008, koma maiko ambiri amati ndi mbali ya Georgia, ndipo mkanganowo sunathe.

Chaka chilichonse nyengo yokolola, anthu amasonkhanabe pa bwalo la Lykhny ku chikondwerero cha Lykhnashta, komwe kumakhala mjaha wa mahatchi, makwaya ndi magule. Amene muli ndi intaneti, fufuzani dzina loti Nartaa kapena apkhyartsa pa YouTube, ndipo mukatchere khutu ku mawu a pansi aja, osati kwa woyambitsa yekha.