Mbiri ya Ndodo ya Hybrid m'Masewero a Gofu

Kuyambira kale, pamene masewero a gofu anakhazikika ku Scotland nafalikira m'maiko ena, ndodo zazitali zachitsulo zinali goli lolemera pa khosi la osewera wamba, pakuti nkhope yake yopyapyala sinkakhululukira munthu wophonya pakati ngakhale pang'ono pokha. M'chaka cha 1975 kampani ya Cobra inatulutsa Baffler, ndodo yokhala ndi timizere kunsi kwake toithandiza kutsetsereka m'udzu wautali. Ndipo mu 1999 TaylorMade inabweretsa Rescue, imene inalambula njira ya ndodo zotchedwa hybrid. Komatu ulemu weniweni wa ndodo za hybrid unadza mu 2004 ku Royal Troon, pamene Todd Hamilton, polimbana ndi Ernie Els pa mpikisano wa Open, anagubuduza mpira ndi hybrid kuchokera patali ndithu kufikira pafupi ndi dzenje lotsiriza, natenga chikho.

Anthu ambiri tsono, poona mutu wonenepa wa ndodo ya hybrid, anaiyesa mbale wa ndodo zamtengo, naika mpira kufupi ndi phazi lakutsogolo, nayesa kuunyamulira m'mwamba; motero ndodo inkakumba nthaka isanafike pa mpira, kapena kuupala pamwamba n'kuukwawitsa pansi. Safunsa anadya phula. Aphunzitsi anachita kuwabwezera ku mwambo wa ndodo zachitsulo, kuti mpira ukhale patsogolo pang'ono pokha pa pakati pa mapazi, thupi lilemerere mwendo wakutsogolo pomenya, ndipo ndodo itsike, iyambe yakhudza mpira, kenaka idule kachibuma ka udzu patsogolo pake.