Kusiya Fodya: Mmene Banja, Anzake ndi Mzikiti Angathandizire Munthu Kuti Asabwerere M'mbuyo

Osuta ambiri sayamba fodya ali okha. Kuno ku Mulanje, mnyamata amakoka ndudu yake yoyamba atapatsidwa ndi mnzake pa Chitakale, pamsika wa Limbuli, kapena m'mawa wa chiperoni akuthyola tiyi ku esiteti. Kunyanja nakonso, ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, chingambwe chimazungulira m'bwato usiku asodzi akudikira usipa. Fodya amalowa m'moyo wa munthu kudzera mwa anzake, ndipo kutuluka kwake kumafunanso anthu. Kuganiza zosiya sikuvuta, osuta ambiri anaganizapo kangapo. Chimene chimavuta ndi kusunga chitsimikizocho pa tsiku lachitatu, sabata yachiwiri ndi mwezi wachitatu, pamene mphamvu za tsiku loyamba zatha. Apa ndi pamene banja, anzake, mzikiti ndi achipatala ali ndi ntchito.

Chifukwa chake kusiya kumavuta

M'fodya muli nikotini, amene amafika ku ubongo pakangotha masekondi ochepa munthu akakoka utsi. Ubongo ukamuzolowera umamufuna mobwerezabwereza, ndipo ichi ndi chimene timati chibaba. Munthu akasiya, thupi limadandaula: amapsa mtima msanga, tulo timasowa, maganizo sakhazikika, mutu umapweteka ndipo njala imachuluka. Zizindikirozi zimakula kwambiri m'masiku atatu oyambirira mpaka kutha kwa sabata yoyamba, kenako zimayamba kuchepa pakati pa masabata awiri ndi anayi. Chibaba chikabwera sichikhalitsa, chimakwera kwa mphindi zochepa n'kutsika chokha, munthu asute kapena asasute.

Palinso chizolowezi. Ndudu imamangirirana ndi nthawi komanso malo: pambuyo pa nsima, pa tiyi wam'mawa, pabawo, podikira minibasi, pokonza ukonde. Ena amati amasuta pofuna kutenthetsa thupi m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, chonsecho nikotini amafinya mitsempha ya magazi, manja ndi mapazi n'kumazizira kuposa kale. Fodya wofwenkha m'mphuno ndi woika kumkamwa nayenso ali ndi nikotini, choncho kuchoka ku ndudu kupita kumeneko si kusiya ayi.

Zimene zili pachiswe

Utsi wa fodya uli ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi anthu osasuta amene amangopuma utsi wa anzawo. M'Malawi muno, kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anaonetsa kuti mwa amuna khumi aliwonse, oposa mmodzi amasuta, pamene akazi osuta ndi ochepa kwambiri. Izi zikutanthauza kuti m'nyumba zambiri wosuta ndi bambo, koma opuma utsi ndi mayi ndi ana. Ana otere amadwaladwala chibayo, mphumu ndi matenda a m'makutu, ndipo mayi woyembekezera angabereke mwana wosakwana sikelo. Kusuta kumawonjezeranso chiopsezo cha chifuwa chachikulu cha TB ndi khansa ya kummero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa nayo kwambiri padziko lonse.

Dziko lathu limalima fodya wambiri wa burley ndipo mabanja ambiri amadalira misika ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Ngakhale zili choncho, mu Ogasiti 2023 boma la Malawi linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta, povomereza kuti thanzi la anthu liyenera kutetezedwa.

Maganizo a maulamaa

Fodya anafika m'mayiko a Asilamu patapita zaka mazana ambiri Mtumiki (SAW) atamwalira, choncho maulamaa anamuweruza poyang'ana zotsatira zake. Akale ambiri ankati ndi makruh chifukwa cha fungo ndi kuwononga chuma. Umboni wa madokotala utachuluka, ambiri a masiku ano anagamula kuti ndi haraam, potengera malamulo oletsa kudzipweteka, kupweteka ena ndi kusakaza chuma. Khonsolo ya fatwa ya dziko la Malaysia inagamula motero mu 1995, ndipo bungwe la Muhammadiyah ku Indonesia linachita chimodzimodzi mu 2010. Koma chigamulo chimangouza munthu kumene ayenera kulowera. Osuta ambiri amachidziwa kale, ndipo chimene akusowa ndi munthu woyenda nawo.

Anthu amasiya m'magulu

Mu 2008, akatswiri awiri a ku America, Nicholas Christakis ndi James Fowler, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 12,000 amene anawatsatira kuyambira 1971 mpaka 2003 kuchokera m'tauni ya Framingham. Anapeza kuti anthu sasiya fodya mmodzimmodzi, amasiya m'magulu a odziwana. Mwamuna kapena mkazi wa munthu akasiya, mwayi woti munthuyo apitirize kusuta unkatsika ndi 67 peresenti. Akasiya mnzake wapamtima unkatsika ndi 36 peresenti, ndipo akasiya m'bale wake unkatsika ndi 25 peresenti. Makolo athu anaziona kale pamene ankati mutu umodzi susenza denga. Phunziro lake n'lakuti amene akufuna kusiya asachite mobisa, ndipo ngati n'kotheka asiye pamodzi ndi mnzake wa m'bwato limodzi kapena wa m'gulu limodzi kuntchito.

Ntchito ya banja

Choyamba ndi kusankha tsiku. Wosuta auze a m'nyumba mwake tsiku limene asiyire, lisapitirire masabata awiri kutsogolo, kuti mtima usazizire. Usiku wa tsikulo ndudu zonse, machesi a m'thumba ndi fodya wosungidwa kudenga zichotsedwe.

Mayi ndi ana adziwiretu kuti sabata yoyamba bambo akhala okwiyakwiya. Ukali umenewu ndi wa nikotini amene akuchoka m'thupi, ndipo umatha. Kuyankhana nawo pa nthawiyi kumangowapatsa chifukwa chotulukira panja kukagula ndudu. Kulalata, kununkhiza zovala ndi kuwakumbutsa maulendo amene analephera sikuthandiza. Chothandiza ndi kuwafunsa mmene tsiku layendera, kuwayamikira tsiku lililonse limene latha, ndi kuwapatsa chochita chibaba chikafika: madzi akumwa, mtedza, chimanga chokazinga, mzimbe kapena mswaki. Mswaki uli ndi ubwino wake, chifukwa umatangwanitsa dzanja ndi kamwa zimene zinazolowera ndudu, komanso ndi Sunnah.

Ndalama nazo zimalimbikitsa zikamaoneka ndi maso. Munthu wosuta ndudu 5 pa tsiku amatentha ndudu 150 pamwezi, 1,825 pachaka. Banja liike ndalama ya ndudu za tsiku lililonse m'kachitini, ndipo ligwirizane zimene ndalamayo idzagule: makope a ana, feteleza, ukonde watsopano kapena sadaka. Bambo akaona chitini chikudzaza amadziwa kuti kupirira kwawo kukubala kanthu.

Lamulo lina la panyumba likhale lakuti mwana asatumidwe kukagula fodya, ngakhale ndi mlendo. Ife aphunzitsi, ku madrasa ndi kusekondale komwe, timaona kuti ambiri mwa anyamata amene timawapeza ndi ndudu anayamba ndi kutumidwa kuokala.

Ntchito ya anzake ndi mzikiti

Wosiya fodya asankhe munthu mmodzi womudalira, amene angamuimbire foni kapena kumugogodera nthawi iliyonse chibaba chikakula. Popeza chibaba chimatha m'mphindi zochepa, kucheza kwa mphindi zisanu kumakwanira kumuwolotsa. Munthuyo akhale wosasuta kapena amene anasiya kale, ndipo akhale wosunga chinsinsi.

Anzake osuta auzidwe mosabisa kuti, "Achimwene, ndasiya, musandipatsenso." Mnzake weniweni amalemekeza mawu amenewa ndipo sasutira pafupi. M'masabata oyambirira ndi bwino kupewa malo amene fodya amazungulira. Ngati malowo ndi a ntchito, monga m'bwato kapena m'munda wa tiyi, akhale pafupi ndi osasuta pa nthawi yopuma.

Mzikiti uli ndi mwayi umene chipatala chilibe, chifukwa umakumana ndi munthu kasanu pa tsiku. Swala zimadula tsiku m'zigawo zazifupi, ndipo wosiya angathe kudziikira malire aafupi: kuchokera Fajr kufika Dhuhr osasuta, kenako kufika Asr. Sheikh kapena mnzake akamufunsa mwakachetechete pambuyo pa Swala kuti, "Lero ndi tsiku lachingati?" munthu amadziwa kuti pali wina amene akuwerenga naye. Pa Ijumaa, anthu atatu kapena anayi amene akusiya angathe kutsalira pang'ono n'kukambirana zimene zawavuta m'sabatayo. Masheikh apewe kutchula kapena kuloza munthu pa khutba, chifukwa wochititsidwa manyazi amathawa mzikiti, fodya n'kutsala naye.

Ramadhan ndi masiku otsatira

Kusuta masana kumaononga swaumu, choncho Msilamu wosuta amakhala maola oposa 12 tsiku lililonse osakhudza ndudu, kwa masiku 29 kapena 30. Umenewu ndi umboni woti angathe. Msampha uli pa nthawi ya futari, pamene ena amayatsa ndudu ziwiri kapena zitatu motsatizana, komanso pa daku. Banja lingathandize pokonza kuti wosiyayo amasule pamodzi ndi anthu, apite ku Maghrib ndi mnzake, ndipo akhale pagulu mpaka Tarawehe itatha. Nkhanga zinapangana kusanache: dongosololi likambidwe mwezi wa Shaban usanathe.

Msampha wachiwiri ndi tsiku la Eid, pamene malire a kusala achoka ndipo anzake akale akumananso. Kusala masiku 6 a Shawwal, kenako Lolemba ndi Lachinayi, kumathandiza kuti chizolowezi chatsopano chisaduke.

Ntchito ya achipatala

Mu Julayi 2024, WHO inatulutsa ndondomeko yake yoyamba yothandizira akuluakulu kusiya fodya. Imanena kuti ngakhale uphungu wa mphindi zitatu wochokera kwa wachipatala umathandiza, ndipo uphungu ukaphatikizidwa ndi mankhwala mwayi wosiyiratu umakula. Mankhwala amene imatchula ndi chingamu ndi zigamba zomata pakhungu zokhala ndi nikotini, komanso varenicline, bupropion ndi cytisine. Awa ndi ofunika malangizo a dokotala, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi amene akumwa mankhwala ena. Ku Mulanje munthu angafunse ku chipatala cha boma, ku Mulanje Mission, kapena ku zipatala zazing'ono monga Chonde ndi Muloza. A kunyanja afunse ku zipatala za maboma awo kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi. Amene wakhala akutsokomola kwa masabata awiri, akutsika thupi kapena akuvutika kumeza, asadikire. Kuyezetsa TB m'zipatala za boma ndi kwaulere.

Zokumbutsana mtima ukafooka

Thupi limayamba kuchira msanga. Pakatha mphindi 20 kugunda kwa mtima kumatsika. Pakatha maola 12 mpweya woipa wa utsi m'magazi umabwerera pamlingo wake. Pakati pa masabata 2 ndi 12 magazi amayenda bwino ndipo mapapo amayamba kugwira bwino ntchito. Pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 9 chifuwa ndi befu zimachepa. Pakatha chaka, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka poyerekeza ndi cha wosuta, ndipo pakatha zaka 10 chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimatsikanso ndi theka. Mwana wa sukulu alembe mfundozi papepala n'kuzimata pakhoma pomwe bambo angaziwone.

Akaterereka

Ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo asanapambane. Munthu akasuta ndudu imodzi pamaliro kapena atakangana ndi wina, masiku amene anapirira sanapite pachabe. Auze womuthandiza tsiku lomwelo, ataye zotsala, aone chimene chinamugwetsa, ndipo ayambirenso m'mawa mwake osadikira Ramadhan ina. A pabanja asamunyoze, chifukwa amene akuopa kunyozedwa amayamba kusutira kuseri, ndipo wosutira kuseri palibe amene angamuthandize. Khomo la tawba ndi lotsekula, ndipo la pakhomo pake likhalenso lotsekula.

Tikupempha Allah apereke mphamvu kwa onse amene akulimbana ndi fodya, ndi kuleza mtima kwa amene akuwathandiza. Ameen.