Mfuti za Cibowo Cacing'ono ndi Nguluwe

Omvera athu a ku migodi ndi m'matauni, ambiri a inu munamva za gogodela, mfuti yothira onga kukamwa, imene Acikunda anasaka nayo minyanga m'cigwa ca Luangwa. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa eni dziko, cotero makolo athu anakhalitsa ndi gogodela.

Kutsidya kwa nyanja zinthu zinali kusintha. Mu 1887 kampani ya Stevens ku Amereka inaturutsa cipolopolo ca .22 Long Rifle, cosakwana ndi magalamu 3 omwe. Pambuyo pace kunadza 7x57 Mauser, imene Mabunu anamenya nayo nkhondo ya 1899 kufikira 1902. Mlenje wa ku Scotland, W. D. M. Bell, anapha njobvu mazana ndi cipolopolo comweco, polasa mu ubongo.

Apa ndipo ambiri asokonezeka. Ziwirizi azicha zazing'ono, koma sizilingana konse. Ca Mauser cithamanga ndi kuboola fupa, ca.22 cikwanira kalulu ndi nkhanga, kapena gwape ali pafupi. Koma nguluwe, ndi cikopa cace cokhuthala cija, kawirikawiri ingobvulala, nilowa m'bango, ndipo mlenje woilondola ndi agaru akakomana ndi mano ace kumeneko.